Mogeji ku UK ndi ndalama za juga: yankho kwa achimwene a ku Leeds

Achimwene, mwati mumadya za poker ndi kubetcha mpira, mwasunga ndalama zooneka, ndipo alamu athu ndi namwino ku NHS. Mukufunsa ngati banki ingakupatseni mogeji, ngongole yogulira nyumba. Pa dzina lanu lokha, iwalani kaye. Nyumbayo mungagule, koma njira yake ndi ina.

Chimene chikukutsekerani khomo ndi chomwecho chimene mumakondwera nacho: ndalama zowina pa juga HMRC, bungwe lotolera misonkho, siidula msonkho. Nkhaniyi inagamulidwa kale mu 1925 pa mlandu wa Graham v Green, wa munthu amene ankadalira kubetcha mahatchi, ndipo khoti linati imeneyo si bizinesi. Tsono munthu wodzilemba yekha ntchito akapita kubanki, choyamba amamufunsa SA302 ndi tax year overview, mapepala a HMRC osonyeza zimene anapeza ndi msonkho wake, nthawi zambiri za zaka ziwiri. Mapepala amenewa amachokera ku msonkho. Inu mulibe, choncho pa fomu yawo malipiro anu ndi ziro, ngakhale mutamawina mwezi ndi mwezi. Kale munthu ankangotchula yekha zimene amapeza n'kupatsidwa ngongole, koma FCA, bungwe loyang'anira mabanki ndi obwereketsa ndalama, inatseka zimenezo mu 2014.

Ndiye dalirani malipiro a alamu. Mabanki ambiri amabwereketsa mpaka pafupifupi ka 4.5 malipiro a pachaka, kutanthauza kuti wolandira £35,000 angapeze cha m'ma £157,000 ngati alibe ngongole zina. Ndalama zanu za juga zilowe ngati dipoziti, ndipo ikakula, chiwongoladzanja chimatsika. Dziwani kuti mukalembetsa nonse awiri, masitetimenti anu a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi awerengedwanso. Wowunikayo akangoona mzere uliwonse uli Bet365, Sky Bet, PokerStars, wina £400 usiku wa Loweruka wina £250 m'mawa wa Lamlungu, saganiza kuti uyu ndi katswiri ayi. Amaona munthu amene tsiku lina adzalephera kulipira.

Pa dipozitipo pali loya woyendetsa mapepala ogulira nyumba. Lamulo limamukakamiza kufufuza komwe ndalama zachokera, ndipo sachita manyazi. Yambani lero kukopera mbiri ya maakaunti anu onse obetchera, yosonyeza zimene munaika ndi zimene munatapa, ndipo sungani malisiti a ku kasino. Ndalama za m'manja zimene munawina pa tebulo la kunyumba kwa anzanu ndiye mutu weniweni, chifukwa palibe pepala loziikira umboni.

Ngati mumaphunzitsa anthu poker, mumaulutsa masewera pa Twitch kapena muli ndi kampani yokuthandizani, ndalama zimenezo zimadulidwa msonkho. Zilembetseni ku Self Assessment, njira yonenera nokha ku HMRC zimene mwapeza, pakatha zaka ziwiri mudzakhala ndi SA302 yanuyanu.

M'gulu muno ndaona wina akuti mupemphe mnzanu wa kampani akulembereni mapayslip. Musayerekeze. Ndi mlandu wa chinyengo pansi pa Fraud Act ya 2006, dzina lanu lingakhale ku Cifas, kaundula wa achinyengo amene mabanki amagwiritsa ntchito, mpaka zaka 6, ndipo kwa ife a maviza zimenezi zimakafika mpaka pa mapepala okhalira m'dziko muno.

Musayende banki ndi banki kuyesa mwayi, chifukwa kufufuza kulikonse kwakuya kumasiya chizindikiro ku Experian kapena Equifax, makampani osunga mbiri ya ngongole zanu. Pezani broker wa whole of market, mkhalapakati wofufuza mogeji kwa obwereketsa osiyanasiyana, mutsimikize kuti ali pa kaundula wa FCA, ndipo mumuuze za jugazo tsiku loyamba. Iyeyo amadziwa mabungwe obwereketsa otchedwa ma building society ang'onoang'ono amene fomu imawerengedwa ndi munthu osati kompyuta. Mumuuzenso ngati muli ndi ILR (chilolezo chokhala ku UK mpaka kalekale) kapena ayi, popeza opanda ILR kawirikawiri amafunsidwa dipoziti yokulirapo. Ndipo ngati simunalembetse m'kaundula wa ovota, lembetsani sabata ino: Amalawi okhala movomerezeka amaloledwa chifukwa tili mu Commonwealth, ndipo mabanki amayang'ana m'menemo potsimikiza adiresi.