Tauni ya Nkhotakota inayang'ana kum'mawa: yankho kwa achemwali ofuna kuijambula

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amaphunzitsa pa sukulu ina ku Nkhotakota. Akuti: "Ndimaona zithunzi za Johannesburg ndi Dubai pa Facebook, nyumba zitalizitali zikuwala usiku, ndiye ndimafuna nditajambula tauni yathu kuti nayo ioneke bwino chomwecho. Koma kuno kulibe nyumba zosanjikizana zoti n'kuloza. Ndikajambula ndi foni yanga, kumwamba kumangoti mbuu, nyumba zili bii. Kodi vuto ndi foni, kapena tauni yathu ndi yosajambulika?"

Achemwali, foniyo musaigulitse, ndipo tauniyo ndi yojambulika kwambiri. Chimene chikukuvutani ndi nthawi imene mukujambulira komanso mbali imene mukuima poyerekeza ndi kumene kuli dzuwa.

Za nyumba zitalizitali tisatayepo nthawi. Chimene chimakoka maso pa zithunzi za mizinda ikuluikulu ija ndi mzere umene zinthu za pansi zimalemba pokumana ndi thambo. Mzere umenewo Nkhotakota ili nawo: nsanja za mizikiti, nsanja za netiweki ya mafoni, mathanki a madzi, madenga a malata, mitu ya mitengo ya mango ndi migwalangwa, ndipo kumbuyo kwa zonsezi kuli mapiri a kunkhalango ya Nkhotakota ndi a cha ku Ntchisi. Ine ndimauona kuti ndi mzere wolemera kuposa wa magalasi okhaokha, chifukwa munthu wodziwa akangouona amazindikira kuti apa ndi kunyanja, ndi kwa Jumbe, mfumu yamalonda ya Chiswahili imene inkalamulira derali kalekale.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi. Nkhotakota ili kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Malawi. Dzuwa limatulukira m'madzi, mbali ya ku Mozambique, n'kukalowera kuseri kwa mapiri. Ndiye kuti tauniyi nkhope yake imawala m'mawa. Mukafika kujete mbandakucha, pafupifupi aliyense amene ali ndi foni amakhala atayang'ana kunyanja, kudikira dzuwa lituluke. Jambulani chimenecho kamodzi, palibe choletsa, koma kenako tembenukani, nyanja ikhale kumsana kwanu. Kuwala koyamba kuja kumabwera chogona, kofiirira, ndipo kumamenya makoma, ngalawa zimene zili pamchenga, matandala oyanikapo usipa ndi mitengo, zonse kuchokera kutsogolo. Njerwa zowotcha zimati psuu. Khoma la laimu limene masana limakuthobwani m'maso limaoneka lofewa, ming'alu yake ndi mbiri yake zonse poyera. Thambo la kumadzulo, kumene tsopano mwalozetsa kamera, limakhala lisanawale kwambiri, choncho foni imakwanitsa kugwira nyumba ndi kumwamba komwe popanda china kupsa.

Apa ndi pamene pagona yankho la "mbuu ndi bii" lija. Diso la munthu limatha kuona malo owala kwambiri ndi malo amdima pa nthawi imodzi. Kamera, makamaka ya foni, siitha kufika pamenepo. Mukailozetsa kumene kuli dzuwa, iyenera kusankha: ikasamala thambo nyumba zimada, ikasamala nyumba thambo limayera n'kutha mtundu. Dzuwa likakhala kumsana kapena chammbali mwanu, kusiyana kuja kumachepa ndipo kamera siivutika kusankha.

Nthawi ya kuwala kokomaku ndi yochepa kwathu kuno kusiyana ndi zimene mumawerenga kwa ojambula a ku London. Nkhotakota ili pafupifupi madigiri 13 kummwera kwa Equator, ndiye dzuwa limakwera mothamanga, pafupifupi choongoka. Pakangotha mphindi 30 kapena 40 chitulukireni, kufiira kuja kwatha. Mu Novembala limatuluka itangopitirira pang'ono 5 koloko, pamene mu Juni ndi Julayi limatuluka cha m'ma 6 koloko. Muzifika pamalo kukadali kamdima, mutasankhiratu dzulo lake poti mukaime. Dziwaninso kuti silitulukira malo amodzi chaka chonse: mu Juni limatulukira chakumpoto, mu Disembala chakummwera. Khoma limene likuwala bwino m'mawa wa lero mwina miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi lidzakhala mumthunzi.

Ngati mungagwirizane ndi msodzi wodalirika kuti akutengeni pa boti lake, nyanja ili bata, pitani pang'ono chabe m'madzi. Kuchokera pamenepo tauni yonse imayalana mzere umodzi, mapiri ali kumbuyo, ndipo ndi mmene ankaionera anthu obwera pa madau, ngalawa za matanga, a Jumbe komanso mmene amaionera okwera sitima ya Ilala. Pa boti manja amagwedezeka, choncho dikirani dzuwa lituluke kaye kuti kamera izitsekula ndi kutseka mofulumira. Foni muimangirire kachingwe kumkono. Nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imakalipa, ndipo chithunzi si chinthu choti muike nacho moyo pachiswe.

Masana, dzuwa lili paliwombo, ndi nthawi yovuta. Malata amanyezimira, pansi pa makhonde pamachita mdima wa bii, ndipo mchenga umabweza kuwala konse m'kamera. Kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu penipeni, mithunzi n'kubisala pansi pa zinthu, chilichonse n'kuoneka chophwatalala. Nthawi imeneyo musiye zojambula tauni yonse, pitani pamthunzi. Mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, umajambulika bwino mutaima pansi pake, thambo mutalichotsa m'chithunzi. Chimodzimodzi m'kati mwa tchalitchi cha All Saints, mmene munaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanjayi mu 1895: kuwala kolowera pa mawindo kumakhala kokwanira masana, bola mwapempha chilolezo kwa oyang'anira.

Madzulo zinthu zimatembenuka. Dzuwa likupita kuseri kwa tauni, ndiye mukaima kugombe n'kuyang'ana kumtunda, nyumba zidzada ndithu. Musalimbane nazo, zisiyeni zide. Gwirani pa sikirini ya foni pamene pali thambo lowala, kenako tsitsani kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatuluka pambali pake mpaka mtundu wa kumwamba ukhute. Nsanja ya mzikiti, mgwalangwa ndi nsanja ya netiweki zidzaoneka zakuda zokhazokha, zodulidwa bwino pa thambo lofiira. Chithunzi chotere chimafuna kuti zinthuzo zisaunjikane. Sunthani mapazi pang'ono kumanja kapena kumanzere mpaka pakati pa nsanja ndi mtengo pakhale mpata woonekera thambo, ndipo nthawi zambiri kugwada pansi kumathandiza kuti zinthuzo zitalike kupitirira mzere wa mapiri. Batani la HDR la mu kamera ya foni mulizimitse pa chithunzi chimenechi, chifukwa ntchito yake ndi kuwalitsa malo amdima, pamene inu mukufuna mdimawo.

Koma nthawi imene ndimaikonda kuposa zonse, ndipo ndi imene ikuyandikira zithunzi za Johannesburg zimene mumasirira zija, ndi ya kachisisira. Dzuwa lalowa, anthu ambiri abweza mafoni m'matumba, koma thambo likadali ndi mtundu wa buluu wozama. Mababu a m'magolosale a mumsewu wa M5 ayaka, nyali za ogulitsa chipisi ndi nsomba zayaka, minibasi zikudutsa ndi magetsi. Kwa mphindi zochepa kuwala kwa thambo ndi kuwala kwa mababu kumalingana mphamvu, ndipo kamera imagwira zonse ziwiri. Ojambula mizinda ikuluikulu ambiri amajambula nthawi imeneyi, osati pakati pa usiku. Kwathu kuno imayamba patapita mphindi ngati 10 dzuwa litalowa ndipo pofika mphindi 25 kapena 30 yatha, kumwamba kwada. Mu Juni dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, mu Januwale limalowa itapitirira 6 koloko, ndiye muwerengere pamenepo.

Pa nthawi imeneyi mdani wanu ndi kugwedezeka kwa manja. Kuwala kukachepa kamera imatsekula nthawi yaitali, ndipo kunjenjemera pang'ono kokha kumapaka chithunzi chonse. Ngati mulibe tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, tsamiritsani foni pa khoma, pa chishalo cha njinga yoimikidwa bwino, kapena pa kathumba kodzaza mpunga, kamene ku Nkhotakota sikangakusoweni. Ikani timer ya masekondi 2 kapena 3 kuti chala chanu chisagwedeze foni pojambula. Ngati foni yanu ili ndi Pro mode, imene imakulolani kusintha nokha zinthu za kamera, ikani ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) pa 100 kapena 200, nthawi yotsekula ikhale sekondi imodzi kapena kupitirira, ndipo mudzaona magetsi a galimoto akusanduka mizere yofiira ndi yoyera mumsewu. Amene muli ndi kamera yaikulu, kukula kwa chibowo cholowera kuwala kukhale pa f/8, ndi poyambira pabwino. Fulashi ayi: imangowalitsa fumbi ndi tizilombo tili pamphuno panu, tauni siifikako.

Tsiku limene magetsi athima musakhumudwe. Yang'anani kunyanja usiku wopanda mwezi, nyali za asodzi a usipa zili ndandanda m'madzi, zili phethiphethi ngati mzinda wina umene wamangidwa tsidya. Amenewo ndi magetsi a mzinda amene Dubai alibe. Kuti chithunzi chisangokhala timadontho pa mdima, ikani china chake patsogolo, kaya ngalawa ili pamchenga, kaya mutu wa jete, ndipo jambulani kachisisira kasanatheretu kuti mzere wa madzi ndi thambo uzionekabe. Musaime pafupi ndi bango kapena pamathiriro a mtsinje nthawi imeneyo, ng'ona zilipo.

Nyengo nayo imasintha kuwala kuposa mmene ambiri amaganizira. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimadzaza mlengalenga. Mapiri a kumadzulo aja amazimirira, zithunzi za patali zimafuwa, koma dzuwa limasanduka mpira wofiira woti mungathe kulijambula lisanafike pansi. Imeneyi ndi nyengo ya zithunzi zakuda za madzulo zija. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Epulo, mlengalenga mumatsukika. Mapiri amayandikira, ndipo ngati mvula yakata madzulo dzuwa n'kusuzumira pansi pa mitambo yakuda, thamangani panja: malata onyowa ndi nsanja zoyera zimawala pa thambo lakuda, ndipo zithaphwi za mumsewu zimakupatsani tauni yachiwiri yozondoka mukatsitsa foni pafupi ndi madzi. Mukaona nkhungu zikufuka panyanja ngati utsi, nazonso ziikeni m'chithunzi, n'zakwathu.

Tizinthu tiwiri titatu tating'ono. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa musanajambule, chifukwa mafuta a zala ndi amene amapangitsa babu lililonse kuoneka lopakika. Yatsani mizere ya grid, yopingasa ndi yoimirira ya pa sikirini, kuti nyanja isapendekeke. Zoom yokoka ndi zala imangodula chithunzi n'kuchiwononga, kuli bwino kuyenda n'kuyandikira.

Za anthu ndiye ndikupempheni kwambiri. M'mawa kugombe amayi amachapa ndipo ena amasamba, choncho kamera isaloze kumeneko ngakhale kuwala kukome bwanji. Pa mzikiti, makamaka Lachisanu, yambani mwalonjera akuluakulu ndi kufotokoza chimene mukufuna. Mukapita ku Salima malamulo a dzuwa ndi omwewa, chifukwa Senga Bay nayo inayang'ana kum'mawa ndipo chilumba cha Namalenje chimada bwino dzuwa likamatuluka, koma kumbukirani kuti kumeneko kuli malo a asilikali, ndipo amenewo sajambulidwa.

Sabata ino sankhani malo amodzi okha, pamene mukuona nsanja, madenga ndi mtengo umodzi wautali. Jambulani pomwepo dzuwa litangotuluka, masana, dzuwa likulowa ndi kachisisira, osasuntha poima. Zithunzi zinayizo munditumizire pa imelo yomweyi, mulembe ndi nthawi ya chilichonse, kuti tidzaone limodzi pamene pakufunika kukonza.