Mnyamata wanga akufuna kusiya Fomu 4 chifukwa cha basketball

Mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare, wandilembera kalata yaitali, ndipo ndaifupikitsa motere: "Mnyamata wanga ali Fomu 4, mayeso a ZIMSEC alemba mu Novembala muno. Ndi wamtali kuposa aliyense pasukulu pawo, ndipo aphunzitsi a zamasewero akuti ali ndi luso pa basketball. Pano makope sakuwagwiranso. Akuti adzasewera mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, sukulu ikungomutayitsa nthawi. Munthu wina pa WhatsApp walonjeza kumupezera timu kunja tikatumiza madola a fomu ndi viza. Bambo ake anamulanda nsapato zosewerera, akuti pakhomo pawo pakufunika dokotala. M'nyumba sitikulankhulana. Nditani?"

Mayi, makalata otere amandipeza chaka ndi chaka mayeso akayandikira, chimasintha ndi mtundu wa mpira basi. Ndiyambe ndi chachangu. Munthu wa pa WhatsApp uja musamutumizire ngakhale senti imodzi. Timu imene yamufunadi mwana imadzera kwa kochi wake, kusukulu kwake, kapena ku Basketball Union of Zimbabwe, ndipo siyamba ndi kupempha ndalama kwa amayi ake. Mufunseni dzina la timuyo ndi la kochi wake, muona mmene azizembera.

Tsopano mupatseni foni mnyamatayo, ndime zotsatirazi awerenge yekha.

Mwana wanga, NBA ili ndi matimu 30. Pa mwambo wosankha osewera atsopano, chaka chilichonse amatenga anthu osapitirira 60, ndipo amenewa ndi a dziko lonse lapansi: America, France, Serbia, Cameroon, konsekonse. Ena mwa osankhidwawo satha zaka zitatu asanachotsedwe. Iwe ndiwe wamtali ku Mufakose, chabwino. Koma Dikembe Mutombo, katswiri wa NBA wochokera ku Congo, anali wa mamita 2.18. Basketball Africa League, imene inayamba mu 2021 ku Kigali, imakhala ndi matimu 12 okha pa Africa yense. Kuno kwathu, ambiri mwa akuluakulu amene umawachemerera Loweruka ku City Sports Centre, Lolemba m'mawa amakhala ali pamzere wa kombi kupita kuntchito kapena kukoleji, chifukwa ligi yathu sidyetsa banja. Ndikudziwa unditchulira Vitalis Chikoko, mwana wa mu Harare momwemuno amene wasewera mpira wolipidwa ku Germany ndi ku France. Zoona, ndipo timanyada naye. Koma ukamutchula iye, uwerengenso anyamata onse amene ankathamanga naye pabwalo limodzi, undiuze ali kuti lero.

Sindikukuuza kuti utaye mpira. Ndikufuna udziwe za munthu mmodzi amene ndimamuona kuti ndi wofunika kwa iwe kuposa onse amene uli nawo pa chithunzi cha foni yako.

Masai Ujiri anabadwa mu 1970 ku England, n'kukulira ku Zaria, kumpoto kwa Nigeria. Mpirawu anauyamba ali mnyamata ngati iwe. Ku America analowera pakhomo la sukulu, n'kukasewera pa koleji yaing'ono yotchedwa Bismarck State ku North Dakota, dera lozizira koopsa limene anyamata olota NBA salitchula n'komwe. Atachoka kumeneko anasewera mpira wolipidwa ku Ulaya zaka zingapo, m'matimu ang'onoang'ono. Mu NBA sanasewereko ngakhale mphindi imodzi. Pofika 2002 kusewera kunali kutatha, ali ndi zaka makumi atatu ndi pang'ono, msinkhu umene mphunzitsi kapena namwino amakhala atangokhazikika kumene pantchito.

Chimene anachita pamenepo ndiye nkhani yonse. Anayamba kufufuzira timu ya Orlando Magic osewera aluso, popanda malipiro, ulendo akudzilipirira yekha. Ntchito imeneyi si ya kamera. Umakhala pabenchi yozizira m'bwalo lopanda anthu, kope lili pamwendo, ukulemba kuti mnyamata uyu dzanja lamanzere ndi lofooka, uyo akatopa amasiya kubwerera kumbuyo, kenako usiku umalemba lipoti lomveka bwino loti mabwana akaliwerenga aike ndalama zawo pa mawu ako. Denver Nuggets inamuona n'kumulemba ntchito yolipidwa. Mu 2010 anakhala woyang'anira timuyo, mu 2013 anasankhidwa kukhala mkulu woyendetsa timu bwino kuposa onse mu NBA, ndipo mu 2019 Toronto Raptors imene ankaitsogolera inatenga chikho cha NBA, koyamba m'mbiri ya timuyo. Bungwe lake la Giants of Africa, limene analiyambitsa mu 2003, limachititsa misasa ya achinyamata ndi kumanga mabwalo m'maiko a mu Africa muno.

Taona bwino pamene panagona chuma cha bambo ameneyu. Miyendo inamugwirira ntchito zaka zochepa. Zaka zoposa makumi awiri zotsatira anadya za m'mutu: kuwerenga mgwirizano, kuwerengetsera malipiro a osewera, kulemba, kulankhula ndi anthu. Zimenezo ndi Chingerezi ndi masamu, maphunziro omwewo amene iwe ukuti akukutayitsa nthawi. Zimandipweteka kuona mwana wanzeru akudzitsekera yekha khomo chifukwa cha mavidiyo a pa YouTube.

Ndipo khomo la ku America limene ukulilotalo limatsegulidwa ndi mapepala. Bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a m'mayunivesite akumeneko, limayamba laona zotsatira zako za ku sekondale, ndipo zikakhala zotsika sulowa m'bwalo chaka choyamba ngakhale kochi akufune chotani. Mutombo yemwe uja anapita ku yunivesite ya Georgetown pa sikolashipu ya maphunziro, ali ndi maganizo odzakhala dokotala. Timu ya kumeneko inamutenga ali kale m'kalasi, ndipo anamaliza digiri yake mu 1991, chaka chomwecho chimene Denver inamusankha. Bondo litamukanika mu 2009 anali atatsegula kale chipatala ku Kinshasa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga, ndipo wapamphuno pako lero ndi maphunziro asanu a O Level, Chingerezi ndi masamu zili momwemo.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kwa mwana ngati iwe ndi iyi. Khoza O Level, upite ku A Level pasukulu imene ili ndi timu yabwino, uzisewera uku ukuphunzira. Ukatha, yunivesite ya NUST ku Bulawayo ili ndi maphunziro a sayansi ya zamasewero ndi ukochi. Bindura University of Science Education nayo imaphunzitsa zamasewero. Masayansi ukawakhoza bwino, University of Zimbabwe ku Harare imaphunzitsa physiotherapy, ntchito yothandiza ovulala mawondo, akakolo ndi misana kuti ayambenso kuyenda ndi kuthamanga; timu iliyonse imafuna munthu wotere, chipatala chilichonsenso chimamufuna, ndipo ntchitoyo ukhoza kuigwira mpaka imvi. Pakali pano funsa kochi wako kuti maphunziro a oyimbira ndi olemba zigoli patebulo adzachitika liti. Yamba kuthandiza ana a Fomu 1 pa maphunziro awo a mpira. Amene amaphunzitsa ena amaudziwa mpira msanga kuposa amene amangodumpha.

Mayi, tengani foni mukawawerengere bambo. Bambo, nsapatozo bwezani lero. Mwalanda chinthu chokhacho chimene chimamudzutsa mwanayu m'mamawa popanda kumukalipira, ndiye mukudabwa kuti wakhala chete? Ndikumvetsa kumene mantha anu akuchokera. Makolo athu ambiri anabwera m'dziko muno kuchokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique n'kuthera mphamvu zawo m'mafamu ndi m'migodi, ndipo mukufuna kuti wanu adzakhale wa jasi yoyera. Koma udokotala sulowedwa chifukwa bambo alamula. Umafuna magiredi apamwamba kwambiri a masayansi pa A Level, ndipo mwana amene mwamuthyola mtima mu Fomu 4 sawapeza. Munayamba mwapitako kukamuonera akusewera? Pitani Loweruka likubwerali, mukakhale pansi ndi kochi wake, mukamufunse mosabisa kuti luso la mwanayu likufika pati. Kochi woona mtima akuuzani.

Kuyambira lero mpaka pepala lomaliza la Novembala, mugwirizane chonchi: mpira masiku awiri pa sabata ndi masewero a Loweruka, madzulo ena onse mapepala a mayeso akale ali patebulo, foni ili m'manja mwa amayi. Akalephera mbali yake, Loweruka limenelo sapita kubwalo. Inunso mukalephera yanu, musamunene kuti ndi wosamva.

Iwe mnyamata, mwina luso ulinalodi. Aphunzitsi a zamasewero sayamikira mwana aliyense. Zotsatira zikadzatuluka uli ndi asanu ako, undilembere wekha, osati kudzera mwa amayi. Tidzakhale pansi tione za sukulu ya A Level, za kujambula vidiyo ya masewero ako athunthu yotumiza kwa makochi, ndi za alangizi a EducationUSA, amene amathandiza ophunzira kufunsira malo m'makoleji a ku America.