Chigubu sichiiwala zimene chinabwera nazo

Mayi ena anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti kuseri kwa nyumba ali ndi zigubu zinayi za malita 20. Zitatu zinabwera ndi mafuta ophikira, chimodzi chinali cha mankhwala ophera udzu m'munda, ndipo zonse azitsuka mpaka mbee. Akufunsa ngati angamasungiremo madzi akumwa, komanso ngati n'zoona kuti zigubu zotha ntchito amazisungunula n'kupanga zina.

Amayi, tiyambe ndi cha mankhwalacho, poti pamenepo sindinyengerera. Musathiremo madzi akumwa, olo a ziweto. Chitembenuzeni muone kunsi: mwina mupeza kachizindikiro ka makona atatu, m'kati muli nambala 2, pansi pake zilembo HDPE. Pulasitiki ameneyu ndi wolimba zedi, koma mankhwala ena amalowerera m'khoma lake n'kumatuluka pang'onopang'ono. Mphuno ikhoza kukuuzani kuti fungo latha pomwe poizoni akadali momwemo. Malangizo a FAO ndi WHO, mabungwe a United Nations oona za ulimi ndi zaumoyo, ndi akuti chigubu chotere chitsukuluzidwe katatu chikangotha, madzi otsukuluzirawo apite m'chopopera mbewu, kenako chibooledwe kuti wina asadzachitole n'kukatungira madzi. Ngati ogulitsa amalandira zigubu zakale, abwezereni. Kuwotcha ayi, utsi wake ndi woipa.

Zitatu za mafutazo gwiritsani ntchito. Madzi otentherako ndi sopo, khutchumulani kangapo, ndipo samalani chogwirira. Anthu amaiwala kuti chogwirira cha chigubu ndi champhako, mafuta amabisala mmenemo n'kuyamba kununkha patapita masiku.

Mphakoyo imachokera pa kapangidwe. Makina amatulutsa pulasitiki wotentha, wofewa, wolendewera ngati paipi. Chikombole cha mbali ziwiri chimamutsekera pakati, ndiye amapoperamo mpweya mpaka afufume n'kugunda makoma onse, chogwirira chomwe. Msoko mukuuona kunsiwo ndi pamene chikombole chinapana. Chigubu chikakalamba, pamsoko ndi m'makona ndi pomwe muziyang'ana kaye, chifukwa m'makona pulasitiki anatambasuka kwambiri n'kupyapyala. Dzuwa nalo ndi mdani. Chigubu chokhalira panja chimatuwa, ndipo mukachidinikiza n'kumva kuti thethe, chatha basi.

Musasokoneze ndi mabotolo oonekera m'kati a madzi ndi zakumwa. Amenewo ndi nambala 1, PET, ndipo kunsi alibe msoko koma kadontho ngati mchombo. Amayamba ngati kachubu kakang'ono kochindikala, n'kukatenthetsa, kukakoka ndi kukafufumitsa. PET amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 70, n'chifukwa chake botolo limakwinyika mukathiramo madzi owira, ngati likufuna kubwerera ku ubwana wake. HDPE sasungunuka mpaka cha m'ma 130.

Zosungunulazo n'zoona, koma sakhuthulira zonse mumphika umodzi. Amasankha kaye, kugaya kukhala tizidutswa, kutsuka, kenako kuthira m'thanki ya madzi. Apa ndi pamene pamandisangalatsa ine: PET ndi wolemera kuposa madzi, amamira, pomwe HDPE ndi zotsekera zimayandama, ndiye zimalekana zokha popanda wozitola. HDPE amakakhala mapaipi, makireti kapena mabotolo ena a sopo. PET amabwerera kukhala botolo, apo ayi ulusi wa zovala.

Manambala aja anayamba ku America mu 1988, ndipo amangonena mtundu wa pulasitiki. Salonjeza kuti chinthucho chikalandiridwa ndi osungunula. Nambala 3, PVC, ikalowa pang'ono chabe mu PET imawononga mulu wonse. Zigubu zakuda nazo zimavuta, poti makina ambiri osankhira amadalira kuwala ndipo chakuda sachizindikira. Komanso nambala sikuuzani kuti m'chigubu munali chiyani, choncho chopanda chikalata chimene simudziwa mbiri yake musachiyandikitse kumadzi akumwa.

Tsiku limene zanu zitatuzo zidzayambe kudontha, muzitsukuluze, muziumitse, mupereke kwa otolera zili pazokha, zopanda mchenga kapena oilo wa galimoto. Koma cha mankhwala chija, amayi, tengani msomali lero lomwe muchiboole kunsi.