Mafunso a Owerenga: Kuchepetsa Thupi Mothandizana ndi Anzathu

FUNSO: Okondedwa alangizi, ndine mayi wa zaka za m'ma 40, ndipo nditapita kuchipatala posachedwapa anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri komanso kuti shuga wayamba kukwera, ngakhale kuti sanafike poti n'kunena kuti ndili ndi matenda a shuga. Adokotala anandilangiza kuti ndichepetse thupi ndiponso ndisinthe kadyedwe. Aka si koyamba kuyesa, koma nthawi zonse ndimayamba ndi mphamvu kenako pakapita milungu ingapo ndimapezeka kuti ndabwerera mwakale. Anzanga atatu a kuntchito ali ndi vuto ngati lomweli ndipo tagwirizana zoti tizithandizana, koma amuna anga akuti kumeneko n'kutaya nthawi chifukwa munthu wofunadi kusintha amadziletsa yekha. Kodi akunena zoona? Ngati ayi, tiyambe bwanji kuti gulu lathu lisathere panjira?
Mayi wofuna kusintha

YANKHO: Amayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Abambo a kunyumbako akunena zoona pa chinthu chimodzi, chakuti palibe amene angayende kapena kudya m'malo mwanu, koma pa mfundo yakuti gulu n'lotayitsa nthawi, umboni umene ulipo sukugwirizana nawo. Mu 1999 akatswiri awiri a ku America, Rena Wing ndi Robert Jeffery, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa anthu amene analowa maphunziro a miyezi 4 ochepetsa thupi. Mwa anthu amene analowa okha n'kungolandira malangizo wamba, 76 pa 100 alionse anamaliza maphunzirowo, ndipo pofika mwezi wa 10, anthu 24 okha pa 100 alionse ndi amene anali asanayambenso kunenepa. Koma mwa amene analowa limodzi ndi anzawo kapena achibale atatu n'kuphunzitsidwa kuthandizana, 95 pa 100 alionse anamaliza, ndipo 66 pa 100 alionse anasunga thupi lawo pamene analifikitsa. Muone kuti gulu la anthu anayi, ngati limene inu mukufuna kuyambitsa, ndi lomwelo limene akatswiriwo anayesa.

Nzeru imeneyi sinayambire kwa akatswiri. Mu 1961 mayi wina wa ku New York, Jean Nidetch, amene ankavutika ndi kunenepa, anaitana anzake ochepa kunyumba kwake n'kuwaululira kuti ankadya mabisiketi mobisa, ndipo anzakewo nawonso anayamba kuulula zawo. Kukumana kwa mlungu ndi mlungu kumeneko ndi kumene kunabala kampani yothandiza anthu kuchepetsa thupi ya Weight Watchers mu 1963. Sindikukuuzani kuti mukalipire ndalama kwa aliyense, koma ndikufuna muone kuti chimene chinawathandiza amayi aja poyamba chinali malo oti munthu n'kunena zoona za kadyedwe kake popanda kusekedwa.

Chifukwa chimene mnzathu amathandizira n'chosavuta kumva. Munthu amapanga chosankha chabwino masana ali ndi mphamvu, koma amayenera kuchichita m'mawa kukuzizira kapena madzulo atatopa. Alamu ikalira kusanache, munthu amene ali yekha amaizimitsa, n'kukoka bulangete, n'kudziuza kuti ayenda mawa, koma amene akudziwa kuti mnzake wavala kale nsapato ndipo waima pageti akumudikira amadzuka ngakhale akung'ung'udza. Kudziletsa kwa anthu awiriwa n'kofanana, kusiyana kwake n'kwakuti wachiwiriyu sakuyambanso kukambirana ndi mtima wake tsiku lililonse, popeza nkhaniyo inathetsedwa kale pamene anapangana ndi mnzake.

Tsopano pa nkhani ya kuyamba kwake, chinthu choyamba n'kugwirizana cholinga chotheka, ndipo pano ndili ndi uthenga wabwino umene ukukukhudzani inuyo mwachindunji. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2002, anatenga anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera ngati wanu, n'kuwathandiza kuti achepetse kulemera kwawo ndi magawo 7 pa 100 komanso kuti azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa mlungu. Patapita zaka pafupifupi zitatu, chiwerengero cha odwala matenda a shuga pakati pawo chinali chotsika ndi magawo 58 pa 100 poyerekeza ndi amene sanachite zimenezi, pamene mankhwala a shuga otchedwa metformin anachitsitsa ndi magawo 31 pa 100. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, magawo 7 pa 100 ndi makilogalamu 6 ndi pang'ono basi. Choncho musavutike ndi maganizo ofuna kubwerera ku thupi la pautsikana, chifukwa phindu lalikulu la thanzi limayamba kuoneka kale kwambiri munthu asanafike kumeneko, ndipo kuchotsa theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa mlungu n'kokwanira. Kuthamanga si kufika.

Chachiwiri, ndipo ichi ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse, pangano lanu likhale la zochita osati la manambala a pasikelo. Palibe amene angalonjeze kuti pofika Lachisanu adzakhala atachotsa kilogalamu, koma aliyense angalonjeze kuti ayenda mofulumirirako kwa mphindi 30 masiku asanu pa mlungu, zimene zikukwanira ndendende mphindi 150 zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kwa munthu wamkulu. Pa kadyedwe, yambani ndi chinthu chimodzi, ndipo kwa anthu ambiri poyambira pabwino ndi zakumwa zotsekemera. Kachitini kamodzi ka chakumwa chozizilitsa kukhosi ka mamililita 330 kamakhala ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 35, amene ndi masupuni aang'ono pafupifupi 9, pamene WHO imalangiza kuti shuga wothira asamapitirire magalamu pafupifupi 50 pa tsiku, ndipo kuti ndi bwino kwambiri akamafika pa 25. Popeza magazi anu akuthamanga, mchere nawo muuyang'anire, chifukwa mlingo woyenera ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, kuphatikizapo mchere wobisika m'zakudya za m'mapaketi. Zimenezi zikazolowereka, muonjezere ndiwo zamasamba ndi zipatso kufikira magalamu 400 pa tsiku, ndipo muzichepetsa mafuta ophikira, amene galamu imodzi yokha imapereka mphamvu yoposa kuwirikiza kawiri ya galamu ya chakudya chokhutitsa.

Inu muli ndi mwayi wakuti mumagwira ntchito pamodzi, choncho chakudya cha masana muzidyera patebulo limodzi, ndipo musankhe tsiku ndi ola losasinthasintha loti muzikambirana mmene mlungu wayendera. Mupanganenso zakuti amene wajomba aziimbiridwa foni tsiku lomwelo, osati pofuna kumudzudzula koma kumufunsa ngati ali bwino n'kumukumbutsa za mawa, chifukwa magulu ambiri amatha pamene munthu wajomba kawiri, n'kuchita manyazi, anzake n'kungokhala chete. Ponena za abambo, musalimbane nawo pa nkhani ya amene akulondola. Apempheni chinthu chimodzi chodziwika bwino, monga kusabweretsa zakumwa zotsekemera m'nyumba kapena kuvomera kuti mchere uchepe mumphika, popeza zakudya zambiri za mlungu mumadyera kunyumba osati kuntchito.

FUNSO: Alangizi, ine ndi anzanga tinayambitsa mpikisano wochepetsa thupi. Mlungu uliwonse aliyense amajambula sikelo yake n'kutumiza pagulu lathu la pa WhatsApp, ndipo amene watsalira amalipira chindapusa komanso amasekedwa. Poyamba ndinkatsogola, koma tsopano papita nthawi sikelo isakusuntha ngakhale kuti sindinasinthe kadyedwe, moti ndinasiya kutumiza chithunzi ndipo mauthenga awo ndikungowapewa. Mnzathu wina akugulitsa tiyi amene akuti amasungunula mafuta, ndipo ndikuganiza zogula. Mungandithandize bwanji?
Bambo wokhumudwa

YANKHO: Bambo, chimene chakuchitikiranichi chimachitikira pafupifupi aliyense amene wachepetsa thupi, ndipo si chizindikiro cha ulesi. Thupi likachepa limafuna mphamvu yochepa kuti liyende ndi kupuma, choncho chakudya chimene chinkakuondetsani poyamba chimafika pongokwanira thupi latsopanolo. Komanso thupi limadziteteza. Kafukufuku amene anachitikira ku Melbourne m'dziko la Australia n'kufalitsidwa mu 2011 anasonyeza kuti patatha chaka chathunthu anthu atachepetsa thupi, homoni yoyambitsa njala yotchedwa ghrelin inali idakali yokwera, homoni ya leptin imene imathandiza kuti njala ichepe inali idakali yotsika, ndipo anthuwo ankamva njala kuposa mmene ankamvera asanayambe. Apa ndi pamene munthu amafunikira anzake kwambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti gulu lanu linakonzedwa m'njira yoti likutayeni pa nthawi yomweyi.

Mpikisano wa makilogalamu si wachilungamo kuyambira pachiyambi, chifukwa munthu wonenepa kwambiri amachotsa makilogalamu ambiri mofulumira kuposa mnzake wocheperako thupi, ndiponso kulemera kwa munthu kumatha kusintha ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pa tsiku chifukwa cha madzi, mchere ndi chakudya chimene chidakali m'mimba. Chindapusa ndi kuseka zimaphunzitsa anthu kudzimana chakudya dzulo lake la tsiku loyezera, kenako n'kudya mopitirira muyeso akangotsika pasikelo, ndipo manyazi amachititsa munthu kubisala monga mmene inu mwayambira kuchitira. Ndikukulangizani kuti mulembe pagulupo mosapita m'mbali kuti sikelo yanu yaima ndipo kusekedwa kukukufooketsani, n'kupempha kuti muziwerengera masiku amene aliyense wayenda kapena wasunga pangano la kadyedwe. Ndikukhulupirira kuti simuli nokha amene mukumva choncho, ndipo wina akungodikira woyamba kulankhula. Akakana, sankhani mmodzi kapena awiri amene mumawakhulupirira mupitirize nawo.

Pa inu nokha, muziyeza m'chiuno ndi tepi kamodzi pa mwezi, chifukwa mafuta a pamimba amatha kuchepa sikelo isanasonyeze, ndipo kwa mlungu umodzi lembani chilichonse chimene mwadya ndi kumwa, popeza kawirikawiri mbale imakula pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Muonjezerenso masewera olimbitsa minofu kawiri pa mlungu ndipo muzigona mokwanira, chifukwa kusowa tulo kumakulitsa njala. Tiyiyo musagule. Matiyi ambiri otere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, moti chimene chimachoka ndi madzi osati mafuta, ndipo ena anapezeka ndi mankhwala obisika oopsa ku mtima. Ndimaonanso kuti gulu limene wina walisandutsa msika limasiya kukhala malo onenapo zoona, chifukwa wogulitsayo amapindula ndi kukhumudwa kwa anzake.

FUNSO: Alangizi, achemwali anga aakulu anenepa kwambiri ndipo amapuma movutikira akakwera masitepe. Ndikawauza kuti achepetse kudya amakwiya n'kunena kuti ndikuwanyoza. Ndimawakonda ndipo ndikuopa kuti adwala. Ndichite chiyani?
Mng'ono wodera nkhawa

YANKHO: Achemwali, nkhawa yanu ndi yomveka, koma dziwani kuti akulu anuwo akudziwa kale za thupi lawo, ndipo mosakayikira amvapo mawu opweteka kuchokera kwa anthu ambiri, choncho ngakhale mawu anu achikondi amagwera pa bala lomwelo. Siyani kuyang'ana m'mbale mwawo ndi kunena za kudya kwawo, makamaka pamaso pa anthu. M'malo mwake apempheni kuti akuperekezeni inuyo, mwachitsanzo ponena kuti, "Achemwali, ndikufuna ndiyambe kuyenda madzulo koma ndekha ndimagwa ulesi, kodi mungamandiperekeze?" Mawu amenewa akhale oona, kutanthauza kuti inunso muziyendadi ndi kusintha kadyedwe kanu, ndipo muziyenda pa liwiro lawo, ngakhale zitakhala mphindi 10 zokha poyamba. Akakana, musawakakamize, koma pitirizani nokha n'kudzawaitananso pakapita nthawi.

Kupuma movutikirako musakuone mopepuka, chifukwa kungachokere ku mtima, m'mapapo kapena ku kuchepa kwa magazi, osati ku kunenepa kokha. Choncho musanayambe kuyendako apempheni kuti mupite limodzi kuchipatala nonse awiri mukayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo akafotokozere adokotala za kupumako. Ngati ali oyembekezera, akuyamwitsa, kapena akumwa kale mankhwala a shuga kapena kubaya insulin, kusintha kulikonse kwa kadyedwe kuyambe adokotala atavomereza, popeza mlingo wa mankhwalawo ungafunike kusinthidwa.