Kamera ili m'manja mwa ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wangogula kamera. Akufuna kujambula anzake, akazi okondana ndi akazi anzawo, koma mtima ukumukayikitsa. Wafunsa kuti: "Chithunzi chingasinthe chiyani? Sindingowaika pambalambanda?"

Achemwali, ndikuyankheni ndi nkhani ya Zanele Muholi, wojambula zithunzi wa ku South Africa, obadwira ku Umlazi, Durban, mu 1972.

Mu 2006 dziko lawo linavomereza maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha. Papepala zonse zinali bwino. Koma m'makomboni a anthu akuda, akazi otere ankagwiriridwa ndi anthu onena kuti akufuna "kuwawongola", ena mpaka kuphedwa. Eudy Simelane, yemwe anasewerapo mpira mu timu ya dziko ya Banyana Banyana, anaphedwa ku KwaThema mu 2008. Nkhope ya munthu wotere inkatuluka m'nyuzipepala mwini wake ali kale m'bokosi.

A Muholi anakana zimenezo. M'chaka chomwecho cha 2006 anayamba ntchito yotchedwa Faces and Phases: kujambula anthuwa ali moyo. Zithunzizo zilibe mitundu, n'zakuda ndi zoyera basi. Munthu waima kutsogolo kwa khoma kapena nsalu, wavala zimene wasankha yekha, wina kapu, wina tayi, maso ali tong'o kuyang'ana iwe. Sakulira, sakupempha chifundo. M'munsi muli dzina lake, malo ndi chaka. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti a Muholi amabwereranso kwa anthu omwewo patapita zaka, ukumuona munthu akukula. Ena anatisiya, koma palibe anganenenso kuti kunalibe.

Kodi zinasintha kanthu? Onani mmene ena anatekeseka nazo. Mu 2009 nduna ya zachikhalidwe, Lulu Xingwana, inatuluka pa chionetsero china ku Johannesburg, ikuti zithunzi za a Muholi zimene zinali pamenepo n'zolaula. Mu 2012 akuba anathyola nyumba ya a Muholi ku Cape Town n'kutenga ma hard drive oposa 20, momwe munali ntchito ya zaka pafupifupi zisanu. Patapita zaka, nkhope zomwezo zinadzadzaza makoma a Tate Modern, nyumba yoonetserako zaluso ku London.

Tsopano mantha anuwo, musawataye. Kwathu kuno si ku South Africa. Mukukumbukira Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza: chinkhoswe chawo chitatuluka m'nyuzipepala kumapeto kwa 2009, anamangidwa, nagamulidwa zaka 14 mu 2010, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Ndipo mu 2024 bwalo lounika malamulo linagamula kuti lamulo limene linawamangalo likhalebe. Chithunzi chimodzi chikalowa pa WhatsApp, munthu atha kuthamangitsidwa pa lendi, kuchotsedwa ntchito, kukanidwa ndi abale.

Ndiye kwa a Muholi musatengeko kamera yokha, tengani khalidwe. Iwo ndi mmodzi wa anthu amene amawajambula, ndipo amawatcha otenga nawo mbali. Khalani pansi ndi mnzanu aliyense, mumuuze komwe chithunzi chikupita. Mumuonetse musanaonetse wina. Akasintha maganizo mawa, fufutani osanyinyirika. Ngati nkhope n'njoopsa, jambulani manja ogwirana pamkeka, nsapato ziwiri pakhomo, mthunzi pakhoma. Zina zingosungidwa, zaka khumi ngakhale makumi awiri, kufikira eni ake atanena okha kuti zituluke.

Ndipo musasunge zonse malo amodzi, chonde. Mukajambula woyamba, mundilemberenso.