Ana a pa benchi yakumbuyo: akudzipatula okha kapena tinawapatula?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa kupulayimale. Kalata yawo ndi yaitali, koma mutu wake ndi uwu: "M'kalasi mwanga muli ana asanu a mtundu wina wochepa, wokhala ndi chilankhulo chakechake. Amakhala kumbuyo, pa buleki amasewera okhaokha, makolo awo sabwera ku misonkhano, ndipo akulu awo onse anasiyira sukulu panjira. Aphunzitsi anzanga akuti anthu amenewa ndi odzipatula, palibe chimene tingachite. Kodi vuto si chikhalidwe chawocho? Bwanji osangochisiya n'kukhala ngati anzawo?"

Mayi, zikomo polemba. Chandikhudza n'chakuti mukudziwa kuti anawo alipo asanu. Ambiri sawaona n'komwe mpaka tsiku limene benchi yatsala yopanda munthu.

Mawu akuti "odzipatula" ndi amene ndikulimbana nawo. Ukaima patali, munthu wodzipatula ndi wopatulidwa amaoneka chimodzimodzi, koma mbiri ya mitundu yambiri yochepa imasonyeza kuti mpanda anayamba kuumanga ndi a kunja. Abatwa, mtundu wochepa wa ku Uganda, anachotsedwa m'nkhalango za Bwindi ndi Mgahinga boma litazisandutsa malo otetezedwa mu 1991, ndipo ambiri anatsala opanda malo, akukhala m'mphepete mwa minda ya eni. Ku Czech Republic, ana 18 achiromani (a mtundu wochepa wotchedwa Roma) a mumzinda wa Ostrava anasumira boma lawo chifukwa chowaika m'sukulu zapadera za ana amene amati ali ndi vuto la ubongo. Umboni unasonyeza kuti mumzindawo ana achiromani ankatumizidwa ku sukulu zoterezi mowirikiza ka 27 poyerekeza ndi ana ena, pogwiritsa ntchito mayeso osaganizira chilankhulo ndi kakulidwe kawo. Mu 2007 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, ku Strasbourg, linagamula kuti limeneli linali tsankho. Tsono kholo limene linadutsa m'sukulu yotere, mukaliitana ku msonkhano, lingabwere likuthamanga?

Tsopano tilowe m'kalasi mwanumo. Mukafunsa funso, mwana wa kumbuyo uja amayamba walitembenuza kaye m'chilankhulo cha kwawo, kenako apeze yankho, kenako alibwezere m'chilankhulo chanu. Pamene akuti akweze mkono, wina wayankha kale ndipo mwapita patsogolo. Tsiku limene wayesa, lilime limapota mawu amodzi, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Mawa lake sayesanso. Pakatha teremu mumalemba kuti ndi wosachedwa kutopa, wamanyazi, mutu wake ndi wouma, chonsecho mwanayo wakhala akugwira ntchito yowirikiza kawiri kuposa anzake. Vutoli si la kalasi yanu yokha: mu 2016 bungwe la UNESCO linanena kuti anthu pafupifupi 40 pa 100 alionse padziko lapansi alibe mwayi wophunzira m'chilankhulo chimene amalankhula kapena kumva bwino.

Chimene chimandipweteka kwambiri chimachitika akaweruka. Mumamupatsa kalata yoitana makolo, koma kunyumba wotha kuiwerenga ndi iye yemweyo. Kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi kaime pamaso pa bambo ake, kamasulire mawu akuti sikakukhoza bwino. Pang'ono ndi pang'ono amayamba kuwayankha amayi ake m'chilankhulo cha kusukulu, n'kumawauza kuti asamamuperekeze mpaka pageti. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma ife timamuphunzitsa mwana kuuona mwendowo tsiku ndi tsiku. Kusukulu ndi mlendo, kunyumba wayamba kukhala mlendo. Makolo akaona zimenezi amaganiza kuti sukulu ikuwabera mwana, ndiye amamukokera kumbuyo. Mwanayo akasiya sukulu sapeza ntchito yolongosoka, sakhala ndi mnzake wa kunja womutsina khutu za mwayi umene ulipo, amaopa kupita kuchipatala kapena ku ofesi kumene sakamumva. Ana ake adzayambira pomwepo. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Mwafunsa kuti bwanji osangosiya chikhalidwe chawo. Njira imeneyo inayesedwa kale, ndipo mabala ake sanapole. Ku Canada ana pafupifupi 150,000 a eni nthaka anatengedwa kwa makolo awo n'kuikidwa m'sukulu zogonera komweko, zoyendetsedwa ndi mipingo ndi ndalama za boma. Ankawameta tsitsi, ena kuwasintha mayina, ndi kuwalanga akalankhula chilankhulo cha kwawo. Ana masauzande anafera komweko. Amene anabwerera anapeza kuti satha kucheza ndi agogo awo, komanso a kunja sanawalandire. Sukulu zomaliza zinatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2008 nduna yaikulu Stephen Harper anapepesa m'nyumba ya malamulo. Ndimakana kwamtuwagalu maganizo akuti mwana ayenera kuvula mtundu wake pakhomo la kalasi ngati nsapato zamatope.

Sindikunena kuti mipanda yonse imamangidwa ndi a kunja. Alipo magulu amene amasankha okha kukhala patali. A Amish, gulu lachipembedzo la ku America, anakana kutumiza ana awo kusukulu akamaliza giredi 8, ndipo mu 1972 khoti lalikulu la dzikolo linawavomereza pa mlandu wa Wisconsin v. Yoder. Woweruza mmodzi, William O. Douglas, sanagwirizane ndi mbali ina ya chigamulocho. Anati anawo anayenera kufunsidwa maganizo awo, poti tsogolo limene likutsekedwalo ndi lawo. Ine ndili kumbali yake. Ufulu wa gulu wosunga chikhalidwe chake usamatseke pakamwa pa mwana, makamaka mtsikana, amene akufuna kupitiriza. Ngati mmodzi mwa asanu anuwo akufuna sukulu koma akuletsedwa, nkhaniyo musaisiye poti ndi za kwawo.

Komabe musathamangire kuganiza kuti anthu anuwo ali ngati a Amish. Ambiri amene timawanena kuti safuna sukulu amaifuna, chimene safuna ndi kunyozeka. Amaori, eni nthaka a ku New Zealand, ataona kuti chilankhulo chawo chikutha, mu 1982 anayambitsa kōhanga reo, timasukulu ta mkaka mmene agogo ankakhala ndi tiana n'kumatilankhula Chimaori chokhachokha. Pofika 1987 chilankhulocho chinavomerezedwa kukhala chimodzi mwa zilankhulo za boma, ndipo panabadwa sukulu zophunzitsa m'Chimaori. Makolo omwe anthu ankati ndi osalabadira za maphunziro ndi amene anazimanga ndi manja awo.

Inu simungasinthe malamulo a maphunziro, koma kalasiyo ndi yanu. Musalembenso kalata ina yoitana makolo. Pezani munthu wamkulu wa mtundu wawo amene amamva zilankhulo zonse ziwiri, mupite naye kunyumba kwawo, ndipo ulendo woyambawo musanyamule madandaulo. Mukangowadziwa ndi kuwauza chimodzi chimene mwana wawo amachita bwino. Phunzirani moni wawo, ndipo mayina a anawo muziwatchula mmene amayi awo amawatchulira. Mukafunsa funso muziwerenga chamumtima mpaka khumi musanaloze munthu. Aloleni anong'onezane m'chilankhulo chawo pothandizana masamu, si mwano umenewo. Powasuntha pa benchi yakumbuyo musawamwaze mmodzimmodzi, aikeni awiriawiri pakati pa anzawo, ndipo woyamba kuseka katchulidwe ka mnzake mumudzudzule pomwepo, kalasi yonse ikumva.

Za akulu awo amene anasiyira panjira, funsani mmodzi wa iwo kuti anasiya ali kalasi yanji, nanga chinachitika n'chiyani sabata imene anasiyayo. Mukamva yankho lake mudzandilemberenso, ndikufuna ndilidziwe.