Yambani mwafunsa eni njinga ndi otumiza kachewere

Achimwene, mwafunsa ngati app imene mukupanga ndi anzanu ku Dedza kumeneko, yoti munthu azionetsa abale ake pomwe ali, ingapeze msika. Ndikuyankheni monga munthu amene ndimatumiza kachewere ndi tomato ku Lilongwe kuchokera pa Lizulu.

Ngati mukudalira mabanja kuti ndiwo azilipira, kumeneko ndalama kulibe. WhatsApp inayamba zimenezi mu 2017: umasankha mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, mnzako n'kumakuona ukuyenda pa mapu, popanda kulipira china kupatula bandulo. Google Maps nayonso imatero. Life360, app ya ku America yoonetsa abale pomwe munthu ali, imapeza phindu chifukwa makolo kumeneko amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo ana awo ali ndi mafoni a intaneti. Kwathu kuno mayi anga ali ndi kafoni ka mabatani, amakatchajitsa pa golosale, ndipo akafuna kudziwa komwe ndili amangoflasha.

Amene angakupatseni ndalama ndi munthu amene amaluza chifukwa chosadziwa pomwe pali katundu wake. Ine ndikapakira usiku, dalaivala amandiuza kuti "tadutsa pa Bembeke, bwana", pomwe lole idakali kudikira katundu wina pa Mlangeni. Kasitomala wanga amadikira mpaka dzuwa kuswa mtengo, tomato n'kuyamba kutuluka madzi pansi pa dengu, mtengo n'kutsika ndikuona. Ganiziraninso munthu amene wagula njinga yamoto pa ngongole n'kupatsa mnyamata wa kabaza. Kuno msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, ukangodumpha tala uli ku Mozambique. Mwini njinga ameneyu sagona tulo njinga ikachedwa kubwera. Ameneyo mukamuuza kuti azilipira kangachepe pa sabata kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, adzakumvetserani.

Koma ikayeseni kumene netiweki imavuta, osati pa Dedza boma pokha. Tsikani nayo pa Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, kwerani nayo ku Tsangano. GPS, imene imathandiza foni kudziwa pomwe ili, imagwira ngakhale popanda bandulo chifukwa imachokera ku masetilaiti, chofuna netiweki ndi kutumiza uthengawo. Ndiye app yanu izisunga njira imene munthu wadutsa, n'kutumiza netiweki ikabwera, kapenanso pa SMS. M'malire muno foni imatha kukoka netiweki ya ku Mozambique mwini wake osadziwa. Ndipo ikamatha batire msanga, wa kabaza aichotsa tsiku lomwelo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Chida choterechi chikagwa m'manja mwa bambo wansanje, adzachiika mobisa mu foni ya mkazi wake, ndipo mayi adzamenyedwa chifukwa anapatukira kwa mnzake pochokera kuchigayo. Chonde, foni izionetsa poyera kuti ikulondoledwa, mwini wake azitha kuzimitsa yekha. Wa kabazanso azilondoledwa nthawi ya ntchito yokha, akaweruka ndi mfulu. Werenganinso lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe akuliyang'anira ndi a MACRA, musanayambe kusunga mayendedwe a anthu.

Tsiku la msika bwerani pa Lizulu ndi foni imene ikugwira kale ntchito. Pezani eni njinga khumi oti alipire sabata imodzi, muone angati adzalipirenso sabata yachiwiri. Pa lole imene ndimatumizira katundu ndikulankhulirani ndine kwa mwini wake.